Kodi Amai Asokerenji?

Pa msika wa ku Ulongwe pali milu ya zobvala zakale. Pa msika wa ku Furancungo, wa ku Metangula ndi wa ku Milange ziri momwemo. Ife timati kalamidade. Abale athu a ku Malawi amati kaunjika, a ku Zambia amati salaula. Pa milu imeneyi pali timalaya, timadiresi ndi timakabudula ta ana. Pambali pake pali zidole, mipira ndi timagalimoto ta pulasitiki.

Tsono funso lathu nali. Ngati zonsezi ziri pa msika, mai wa ana ang'ono asokerenji? Ataye nthawi bwanji ndi singano, ulusi ndi tizidutswa ta nsalu? Akhalirenji pa mphasa ndi mwana kupanga cidole ca citsononkho?

Funso limeneli ndi lolemera, cifukwa tsiku la mai ndi lalifupi. M'mawa ali ku munda. Masana atunga madzi, atola nkhuni, aphika nsima. Madzulo ena abwera kuno kudzaphunzira kuwerenga ndi kulemba. Nthawi imene apatsa singano aicotsa pa cina: pa munda, pa phunziro kapena pa tulo. Cotero tiyeni tiganize pamodzi, ndipo tiyankhe moona.

Amene amati tigule

Poyamba timve mau a anzathu amene amati kusoka pakhomo kunatha nchito.

Iwo amati: nthawi zambiri kamalaya ka pa kalamidade ndi kochipa kuposa nsalu yatsopano ndi ulusi. Amati msoko wa makina ndi wolimba kuposa wa manja. Amati kusoka usiku pa koloboyi kumalemetsa maso. Amatinso mwana afuna kuoneka monga anzake, ndipo anzake abvala za pa msika.

Mau awa ali ndi nzeru, tisawanyoze. Mai amene wagulitsa mbatata zake nagulira mwana kamalaya si waulesi. Ndalamayo waikhetsera thukuta. Cikondi cake pa mwana sicicepa cifukwa cakuti sanasoke yekha. Palibe amene ayenera kumuloza cala.

Koma mau awa awerenga cinthu cimodzi cokha, ndico mtengo wa pa msika. Ziripo zina zimene wogulitsa sangaike pa mulu. Kuti tizione bwino, tiyambe takumbuka kumene nsalu yathu yacokera.

Nsalu iri ndi mbiri

Makolo athu anali kudzipangira okha zobvala. Anali kusenda khungwa la mtengo ndi kulisula kufikira lifewe. Cobvala cimeneci ndi ciwondo. M'cigwa ca Zambezi ndi ca Shire anthu anali kulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu yolimba ya macila. David Livingstone atayenda mu mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza Amang'anja ali kupota thonje m'midzi mwao.

Pambuyo pake zinthu zinasintha. Kuyambira 1938 kufikira 1961 boma la Apwitikizi linakakamiza alimi a Moçambique kulima thonje. Mtolo waukulu unagwera anthu a kumpoto, monga ku Nampula, Cabo Delgado, Niassa ndi Zambézia. Thonje linali kugulidwa pa mtengo wotsika ndi kutumizidwa ku mafakitale a ku Portugal. Nsalu inali kubwerako pa mtengo wokwera. Mai amene analima thonje caka conse anali kusowa nsalu yoberekera mwana.

Ufulu unadza mu 1975. Koma kunadzanso cilala ndi nkhondo, imene inatha mu 1992. M'zaka zimenezo masitolo ambiri a kumidzi anali opanda kanthu. M'madera ena anthu anabvala masaka, ena anabwerera ku ciwondo. Zobvala zakale zinayamba kufika monga thandizo la pa tsoka, ndipo dzina lakuti kalamidade linacokera pamenepo. Pambuyo pa nkhondo mafakitale athu a nsalu anagwa imodziimodzi. Textáfrica ya ku Chimoio inaleka nchito ca m'ma 2000. Lero makapulana ambiri a pa msika acokera kunja, makamaka ku India ndi ku China.

Mbiri iyi itiphunzitsa ciani? Katundu wocokera kutali afika pamene mseu uli wotseguka ndi ndalama iri m'thumba. Mseu ukatsekeka, mulu wa pa msika utha. Anthu a ku Angónia ndi ku Tsangano amene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu anasiya nyumba, nkhokwe ndi ziweto. Koma mai wodziwa kusoka anaoloka malire ndi luso lake. Kapulana wong'ambika anamusandutsa timalaya ta ana. Luso la m'manja mbala siingabe, moto sungalitenthe.

Ici ndi cifukwa coyamba cosungira singano pakhomo. Koma ciripo cina cacikulu, ndipo ciri mwa mwana mwini.

Sukulu ya pa mphasa

Mwana alowa sukulu ali ndi zaka 6. Koma kuphunzira ayamba kale, ali kumbuyo kwa amake. Aphunzira ndi maso, ndi makutu, ndiponso ndi zala. Akulu anati, kuongola mtengo mpoyamba. Taonani zina zimene amai ambiri amapanga ndi ana popanda kugula kanthu.

Cidole. Tengani citsononkho couma. Ndebvu za cimanga zikhale tsitsi. Kadutswa ka kapulana wakale kakhale cobvala, kena kakhale mbereko. Mwana asankhe yekha nsalu, amange yekha mfundo.

Mpira wacikulunga. Kulungani nsanza kapena mapepala a pulasitiki. Mangani ndi luzi kapena ndi khonje. Mwana agwire pamene inu muli kumanga. Caka camawa adzamanga yekha.

Mkanda. Dulani mapesi kapena bango m'tizidutswa. Mwana atunge pa cingwe: kakakulu, kakang'ono, kakakulu, kakang'ono. Kumeneku ndi kuyamba kwa masamu.

Kathumba ka nyemba. Sokani kathumba, ikanimo nyemba 10 kapena zitsekero za mabotolo 10. Mwana atulutse, awerenge, abwezeremo. Bisani ziwiri, mumufunse zatsala zingati.

Malembo a nsalu. Dulani a, e, i, o, u pa tizidutswa. Asokereni pa saka loyera, ndi kulipacika pa khoma. Mwana ayendetse cala pa cilembo ndi kucichula. Mai amene waphunzira cilembo lero m'kalasi mwathu angathe kucisoka mawa. Potero aphunzira awiri pa cilembo cimodzi.

M'kusoka muli masamu ambiri. Kapulana ali ndi mamita pafupifupi 2 m'litali ndi mita 1 m'lifupi. Mita imodzi iri ndi masentimita 100. Mai akapinda nsalu pawiri, mwana aona theka. Akapindanso, aona magawo 4 ofanana. Akayesa cifuwa ca mwana ndi cingwe kapena ndi cikhatho, mwana adziwa kuti cinthu ciri conse ciri ndi muyeso.

Taonaninso zala. Singano igwiridwa ndi cala cacikulu ndi cala ca mkombaphala. Pensulo igwiridwanso ndi zala zomwezo. M'makalasi mwathu timaona kuti dzanja lozolowera khasu lokha limapanikiza pensulo mpaka kubooleza pepala. Dzanja lozolowera singano kapena kuluka mphasa silicedwa kuigwira mofewa. Mwana amene watunga mikanda ndi kumanga mfundo afika ku sukulu zala zake ziri zokonzeka.

Aphunziranso kudekha. Ulusi sulowa pa diso la singano ndi mkwiyo. Paja amati, kuona maso a nkhono nkudekha.

Ticenjere pa zinthu zitatu. Mwana wosakwana zaka 3 amaika zonse m'kamwa. Musamupatse nyemba, mabatani kapena mikanda, angatsamwe. Singano ndi lumo zisungidwe pamwamba, singano itabayidwa pa kansalu. Mwana wa zaka 5 kapena 6 ayambe ndi singano yobuntha yosema ku nsungwi, ndipo asoke pa saka la mabowo akulu, wamkulu ali pambali pake.

Cimene cidole cogula sicinena

Tiyerekeze zidole ziwiri. Cina ndi ca pulasitiki, cosalala, ca maso owala. Cina ndi ca citsononkho, ca khosi lopendekeka.

Ca pulasitiki cifika citatha kale. Mwana sadziwa amene anacipanga, ngakhale kumene cinacokera. Cikathyoka mkono, atenga misozi napita kwa amake kukapempha cina. Pang'onopang'ono aphunzira kuti zinthu zabwino zimacokera kutali, ndi kuti iye nchito yake ndi kudikira.

Ca citsononkho mwana anaciona cikubadwa. Adziwa kuti cimanga cinacokera m'munda mwao, ndi kuti nsalu inali ya agogo ake. Cikamasuka, afuna luzi namanganso. Aphunzira kuti zinthu zimapangidwa ndi anthu, ndi kuti iyenso ndi munthu wotha kupanga.

Sitikunena kuti mwana asakhudze cidole cogula. Akacilandira, asewere naco mokondwa. Tikunena kuti mwana amene sanapangepo kanthu ndi manja ake wamanidwa phunziro. Dziko limene linalima thonje ndi kusowa nsalu liyenera kusamala phunziro limeneli. Anyamata amene amapinda mawaya ndi kupanga galimoto yoyenda ndi ciwongolero cake ationetsa nzeru imene iri mwa ana athu. Nzeru imeneyi iyamba pa mphasa, pambali pa munthu wamkulu amene ali kupanga kanthu.

Kusokera mwana ndi kusoka naye

Pano pali msampha. Mai wodziwa bwino nchito amafuna kuti cinthu cituluke cokongola. Mwana akasoka mokhota, mai alanda nsalu, aphwasula, asoka yekha. Cinthu cikongola ndithu. Koma mwana wamva ciani? Wamva kuti manja ake ndi acabe.

Kusokera mwana ndi kwabwino, cifukwa mwana afunika kubvala. Kusoka naye ndi nchito ina, ndipo ifuna mtima wina. Pamenepo cimene tiri kuumba ndi mwanayo. Msoko wokhota usiyeni. Mufunseni kuti, "Wapanga ciani, mwanangu? Tandiuza." Mawa msoko udzaongoka wokha.

Msampha wina ndi kusandutsa masewera kukhala thangata. Mwana wa zaka 5 sangakhale pansi nthawi yaitali. Akatopa, amuke akathamange, akacite masanje ndi anzake. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, la mu 1989, pa ndime 31 limanena kuti mwana ali ndi ufulu wa kupuma ndi wa kusewera. Tikamukalipira kapena kumumenya cifukwa ca ulusi wopiringizika, adzadana ndi singano moyo wake wonse.

Cigamba ndi manyazi

Tinamva kale kuti mwana afuna kuoneka monga anzake. Izi ndi zoona, ndipo zimapweteka. Mwana wobvala kabudula wa cigamba nthawi zina amasekedwa. Abwera kunyumba ali cete, mawa akana kupita ku sukulu.

Kodi colakwa ciri pa cigamba? Tiganize. Bowo lionetsa kuti nsalu yakalamba. Cigamba cionetsa kuti pakhomopo pali munthu amene anaona bowolo, nakhala pansi kulitseka. Cigamba ndi mboni ya cisamaliro.

Ana sabadwa ndi citonzo. Amaciphunzira kwa ife akulu. Tikamaseka mnzathu wa malaya osoka pamanja, ana amva. Tikamalemekeza munthu cifukwa ca cobvala cocokera kunja, ana aona. Cotero kucotsa manyazi a cigamba ndi nchito ya makolo, ya aphunzitsi ndi ya mudzi wonse.

Komabe tisaumirize mwana kusenza yekha nkhondo imeneyi. Ngati ndalama iripo, mugulireni yunifomu yofanana ndi ya anzake. Ngati palibe, sokani cigamba mwaukhondo, ndi nsalu yofanana ndi kabudulayo, ndipo muuzeni mwana zoona: umphawi si mlandu.

Kodi ndi nchito ya yani?

Timamva abambo ena akunena kuti, "Akazi anga sagwira nchito, angokhala pakhomo." Tiwerenge pamodzi. Batani likaduka, abwezera ndani? Yunifomu ya wamkulu ikacepa, aipindira wamng'ono ndani? Cikwama ca mabuku anasoka ndani? Zonsezi mukapita nazo kwa telala, mulipira ndalama. Mai akazicita pakhomo, ndalamayo itsala m'nyumba. Imeneyo ndi nchito, ngakhale palibe amene alemba malipiro ake.

Taonaninso ici. Pa makonde a masitolo, atelala ambiri opalasa makina ndi amuna. Kusoka kukakhala ndi malipiro, amuna sacita nako manyazi. Kukakhala kwaulere, timati ndi kwa akazi. Kodi pamenepa pali cilungamo?

Makolo athu sanagawe motero. Osula ciwondo ndi oomba macila kawirikawiri anali amuna. Mpaka lero abambo ndiwo amasoka mphasa ndi kuluka malicero m'midzi yambiri, ndipo asodzi a ku nyanja ya Niassa amasoka okha maukonde ao. Tsono mnyamata aletsedwerenji kugwira singano? Mnyamata wodziwa kubwezera batani sadzayenda ndi malaya otseguka kudikira mlongo wake. Mtsikana nayenso apatsidwe waya apinde galimoto.

Ndipo ngati tibvomereza kuti kusoka ndi ana ndi kwa phindu, tipereke nthawi yake. Si bwino kuyamikira mai ndi pakamwa, kwinaku tikumuonjezera mtolo. Bambo akatola nkhuni kapena kutunga madzi, mai apeza mpata wokhala pa mphasa dzuwa lisanalowe. Bambo angathenso kukhala pa mphasapo mwini wake. Mutu umodzi susenza denga.

Cinanso ndi ici. Singano isatsekereze mai kubwera ku phunziro. Ngati madzulo ali amodzi, ndipo mai ayenera kusankha pakati pa cigamba ndi kalasi, abwere ku kalasi. Cigamba cidikira. Mai wodziwa kuwerenga awerenga yekha kadi la ku sikelo ya mwana, awerenga muyeso wa mankhwala, awerengera cenji cake pa msika. Singano ndi pensulo zisalimbane. Amai a kalasi imodzi angathe kusonkha tizidutswa, ulusi ndi sizasi imodzi, nakumana pansi pa mtengo phunziro lisanayambe. Wodziwa aphunzitse wosadziwa, ana ali pomwepo.

Yankho lathu

Tibwerere ku funso. Amai asokerenji?

Ngati tiyesa ndi ndalama yokha, nthawi zina msika upambana. Pamenepo mai agule, ndipo mtima wake ukhale m'malo. Palibe lamulo lakuti cobvala ciri conse ca mwana cituluke m'manja mwa amake.

Koma pakhomo pasasowe singano. Tisoke kuti cong'ambika cikhalitse, ndi kuti ndalama ipite ku mbeu, ku sopo ndi ku makope. Tisoke kuti luso lisafe, pakuti taona masiku amene msika unalibe kanthu. Koposa zonse, tipange zinthu pamodzi ndi ana, anyamata ndi atsikana, kuti akule akudziwa kuti manja ao angathe.

Ndipo amene abvala cosokedwa pakhomo adziwe kuti wabvala nthawi ya munthu. Athokoze, ndipo athandize.

Mafunso okambirana

1. Chulani zinthu zitatu zimene mwana aphunzira popanga cidole ca citsononkho.
2. Dzina lakuti kalamidade linacokera kuti?
3. Kodi ndi cifukwa ciani mwana wosakwana zaka 3 sayenera kupatsidwa nyemba ndi mabatani?
4. M'mudzi mwanu, ndani amasoka kwaulere, ndipo ndani amasoka ndi malipiro?
5. Bambo angacite ciani kuti mai apeze nthawi ya kusoka ndi ya kuphunzira?

Nchito ya kunyumba

Dulani cilembo coyamba ca dzina la mwana wanu pa kadutswa ka nsalu. Cisokeni pamodzi naye. Mubwere naco ku kalasi sabata yamawa, ndipo mulembe m'kope mwanu mau awa: singano, ulusi, nsalu, cigamba, mwana.